Anamulira Akali Moyo

Inu amene mukuona ngati mulibe mbali, imvani za Feivel wa ku Yerusalemu.

Ali ndi zaka 22, abale ake anakhala pansi masiku asanu ndi awiri kumulira maliro, iye ali moyo, akugona m'khonde la sitolo.

Mlandu wake? Tsiku lokumbukira asilikali ofa, lipenga litalira, Feivel anaima chilili ngati anthu ena onse. Kwawo saima. Amati boma lopangidwa ndi anthu Mesiya asanabwere ndi chipongwe kwa Mulungu.

"Waimirira boma limenelo? Ndiye kuti ndilibe mwana," anatero bambo ake.

Kumsika nako sanamulandire. Ankaona chisoti chake chakuda, cha Ayuda opembedza kwambiri amene salowa usilikali, n'kumugwetsa mphwayi: "Tabwera kuno, wothawa usilikali iwe! Ana athu azifa, inu muzingowerenga mabuku opatulika?"

Mutu unamuzungulira. Uku ndi wogalukira, uko ndi wamantha. Nanga Myuda n'chiyani, chipembedzo kapena mtundu? Ankafunsa aliyense, mpaka Mayi Mazal ogulitsa maolivi, amene anamulemba ganyu, anatopa naye.

"Iwe, funso limenelo linakanika agogo ako. Tanyamula ndowayo! Ukafunse kusukulu."

Anapitadi. Munthu wodziwa mabuku opatulika pamtima analephera masamu katatu, ndipo zinamupweteka. Kachinayi anakhoza. Masana ndowa, madzulo mabuku, mpaka anakhala mphunzitsi wa mbiri ya maganizo a ndale. Chisoti sanavule, kuimirira lipenga sanasiye, ndipo yankho sanalipezebe. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti kwa bambo ake anali malemu.

Patatha zaka khumi ndi ziwiri mayi ake anamwalira. Feivel anafika pakhomo, osadziwa kaya alowe kaya abwerere. M'katimo munali amuna asanu ndi anayi, ndipo pemphero la maliro silinenedwa popanda amuna khumi.

"Tikasake munthu kumsewu," anatero amalume ake, akumulambalala ndi maso.

Bambo ake anadzutsa mutu. Anamuyang'ana Feivel nthawi yaitali.

"Musapite. Takwana."

Sanagwirizane za boma, ndipo mpaka lero akakumana amakangana mpaka tiyi kuzizira. Koma wakufa sawerengedwa pa anthu khumi.

Inu osokonezekanu, musadikire kuti mumvetse zonse kenaka muyambe kuyenda. Yendani ndi funso lanulo. Osataya mtima, tsiku lina adzakuwerengani.