Lamba wa Dengu Langa

Kumapeto kwa layini ya nyumba zathu pa esiteti kuli bambo ena okalamba okonza madengu othyolera tiyi. Amakhala pakhonde ndi nsungwi zawo, kawailesi komanga ndi mphira kali pambali. Masiku ano maso awo achepa mphamvu, ntchito nayonso yachepa, koma dengu amalidziwabe ndi manja. "Ili ndi la munthu wamanzere," amatero, ndipo salakwitsa.

Ndikawaona ndimakumbuka chaka chimene ndinali ndi pakati pa Triza. Ndinkabisa tindalama tokachilira kuchipatala m'kati mwa lamba wa dengu langa, poti bambo akunyumba nthawi imeneyo akalandira malipiro ankayamba aima kaye kumowa ku Luchenza. Tsiku lina ataona kuti lamba wayamba kuduka, anatenga dengulo kukakonzetsa kwa agogowo osandiuza.

Anabwerako chimanjamanja, akudandaula. "Madala aja ngovuta bwanji! Akuti dengu sapatsa mwamuna, amayezera pamsana pa mwini wake."

Ndinapitako ndekha. Agogowo anandibereketsa dengulo, n'kumakoka lamba uku ndi uku ngati akuyezadi. Paphewa ndinamva kampukutu kanga ka ndalama kali pomwepo, atakasokerera bwino kuposa mmene ndinachitira ine.

"Lakhala bwino, mayi?"

"Eya, agogo," ndinayankha ndikuyang'ana pansi.

"Chabwino. Koma muzikulunga m'pepala la shuga. Mvula ya kuno imalowa paliponse."