Mapazi Anga pa Mchenga wa Hotela

Dzulo kunabwera anyamata a bungwe losamalira nyanja. Akuti ife akumudzi tikatole mapulasitiki pagombe la hotela, koma kusambira ayi, n'kwa alendo. Anandipatsa chokokolera zinyalala. Ndinangochiyang'ana, n'kukumbukira ubwana wanga.

Bambo anga ankagwira chida ngati chomwecho pahotela ina kuno kwathu. M'mawa uliwonse ankasalaza mchenga kuti azungu adzagonepo. Pakati pa gombe lathu ndi lawo panali waya wolowa mpaka m'madzi.

Tsiku lina ndinasambira n'kuzungulira waya uja. Ndinkafuna kulawa madzi a azungu, poti ndinkaganiza kuti ndi otsekemera. Anali omwewo. Mchenga wokha ndiwo unali wofewa ngati ufa, ukununkha mafuta odzola. Ndinathamangapo ndithu.

"Iwe Saidi!" anakuwa bambo. "Ukufuna andichotse ntchito? Taona zimene wachitazi!"

Ndinayang'ana. Panalibe china koma mapazi anga.

"Ababa, nanga mapazi a mzungu uyo?"

"Tseka pakamwa! Bwana akubwera."

Anandikoka khutu mpaka kuseri kwa waya, n'kubwerera msangamsanga kukafufuta paliponse pomwe ndinaponda. Ine ndinatsimikiza kuti mapazi a munthu wakuda ndi zinyalala. Sabata yonse ndinkawakwecha ndi mwala mpaka anatuluka magazi. Amayi ankati ndapenga.

Khutu linapola kalekale, ndipo bambo sindiwada. Chimandinyansa n'chakuti iwo anakalambira pamchenga umenewo, koma sanakhalepo pansi ngakhale tsiku limodzi.