Kwa agogo a pachilumba tinkapita ndi bodza

Mdzukulu wanga wabwera ndi nzeru zatsopano. Akuti akwera mabasi mpaka kunyanja ya mchere, pachilumba china pamene pali nyumba ya mabuku akale, bibiliyoteka ati, akafufuze kumene mtundu wathu udachokera. Ndaseka mpaka kutsokomola. Ife kuno ku Lifidzi tidali nayo bibiliyoteka yathu, pachilumbanso, kungoti yathuyo inkafwenkha fodya ndi kutukwana.

Adali agogo aakulu, akulu awo a agogo anga obala amayi. Ang'ono awowo adamwalira ine ndikukwawa. Akuluwo ankakhala okha pakachilumba pakati pa dambo, iwo, nkhumba, abakha ndi mitengo ya mapichesi, ndipo dzinja madzi ankafika m'chiuno. Ankadziwa aliyense kuyambira ku Domwe mpaka ku Kalomwe: adabadwa kwa yani, ng'ombe za malowolo ake zidalowa khola liti, ndi mwana uti amene mphuno yake idapita kwa mnansi.

Koma kuwafunsa, toto! "Funso n'la asipayi," ankatero, kunena apolisi a atsamunda. "Lero akufunsa dzina, mawa mwana wa eni ali pachibalo kuswa miyala." Ukawafunsa ankangoyang'ana abakha. Njira idali imodzi basi, kunama. Bodza la chibale linkawayabwa ngati chitedze. Ukangoti, "Uje ndi mwana wa uje," molakwitsa dala, ankalumpha. "Bodza!" Zitatero tchera khutu, mbiri yonse ikhuthuka, ndi zimene sudabwerere zomwe.

Zanga zidafika m'ma 1950 mongoyamba. Ndidali pa chitomero ndi mnyamata wopala matabwa pamishoni, munthu wofatsa ngati ng'ombe yapangolo, ndipo ndinkamukonda kwabasi. Akatekisita atalengeza ukwati wathu m'tchalitchi, kudaimirira mayi wina amene mwana wake adatha nyemba zambiri kuphikira mnyamata yemweyo. Adati ife ndife pachibale, poti agogo anga omwalira aja ndi agogo ake aamuna a mnyamatayo adali munthu ndi mlongo wake, bere limodzi. Apadiri adati ngati zili choncho magazi ayandikana, ukwati uyambe waima. Ine ndidalira, osati pang'ono. Choipa n'chakuti mayiyo sadapeke, tonse tinkamva zomwezo, kungoti tinkayesa apadiri sawerenga mpaka kumeneko.

Atsibweni anga, amene adali ankhoswe, adati tipite pachilumba, mwina pali kampata. M'njira monse ankaphunzitsa mnyamata wanga kunama.

"Iwe, ukafika usafunse kanthu. Unene chilichonse chokhota."

"Koma kunama n'tchimo, atsibweni."

"Nanga umbeta ndi sakalamenti?"

Tidaoloka dambo m'mawa, madzi ozizira ngati akuluma, atsibweni atanyamula fodya ndi mchere pamutu. Tidawapeza agogo akuponyera nkhumba mapichesi oola. Adalandira fodya, kumununkhiza, n'kunena kuti ngwachabe, kenaka n'kumubisa msanga m'chilundu.

Atsibweni adayamba ndi kabodza kotenthetsera. "Paja amayi, agogo ake a mnyamatayu adali Mchewa wa ku Dedza, wosula makasu."

"Bodza! Mngoni weniweni, wamakutu oboola! Khasu adaligwira liti, waulesi uja? Wosula makasu adali apongozi ako iwe, aja adathawitsa mkazi wa mwini n'kukagwidwa m'nkhokwe miyendo ili kunja."

Atsibweni adatsokomola. Adayesanso lina, agogo n'kuwakumbutsa kuti iwo adayamwa mpaka atayamba kuweta mbuzi. Adayesa lachitatu, ndipo tidamva za mkazi wina wa ku Domwe amene azakhali, akazi awo a atsibweni, sankamudziwa, ndi kamwana ka makutu ngati a atsibweni. Ha! Munthu wamkulu thukuta kamukamu, kunja kukuzizira. Dzuwa lidafika pamutu titamva zonyansa za mudzi wonse, koma za ife ayi ndithu. Bodza lililonse likayandikira pa agogo aamuna aja ndi alongo awo, nkhalamba inkakhotera kwina ngati njinga yopanda mabuleki.

"Nena lako, iwe!" atsibweni adamugunyuza mnyamata wanga.

Iye adavula chipewa, n'kuchipotokola m'manja. Ndidamuona kuti akufunafuna bodza m'mutu monse, osalipeza. Ndidati mumtima, Ambuye, mwa amuna onse a ku Angonia mwandipatsa wosatha kunama!

"Agogo, ine bodza sinditha," adatero. "Ndingonena zoona. Inu, ang'ono anu ndi agogo anga aamuna mudayamwa bere limodzi. Tonse tikudziwa. Ndiye mwana wanuyu ndimusiya, ngakhale ndikumufuna. Tiyeni tizipita, atsibweni."

Atsibweni adagwira kumutu. Ine ndidafuna kumukankhira m'dambo.

Koma agogo adatapa fodya, fodya n'kutayikira pansi. Adayang'ana abakha, adayang'ana nkhumba, milomo ikutakataka ngati akutafuna mwala. Ife tidaimirira, tidatsazika, mpaka mnyamata wanga adaponda m'madzi.

"Bodza."

Sadakuwe monga mwa masiku onse. Lidatuluka pang'onopang'ono, ngati lawawa potuluka.

"Bwerani kuno, zitsiru inu. Bere limodzi lake liti? Ife adatitola pachitsime. Nkhondo idafika m'mawa, ine ndidabereka mng'ono wanga kumbuyo, amayi adathawira kwina. Adatinyamula bambo wa agogo akowo, iwe mmisiri, n'kutipereka kwa mkazi wake kuti akhale amayi athu. Adatilera bwino, sindinganame. Adati wotitchula akapolo alipa ng'ombe, ndiye pakamwa pa anthu padatsekeka mpaka onse odziwa adatha. Magazi anu sadakhudzane n'pang'ono pomwe. Kwatiranani, mundisiye."

Atsibweni adakhala pansi, pamatope pomwepo. Adabwera ali mdzukulu wa ankhondo, chishango chili pakhoma kunyumba, tsopano amayi awo omwe adali mwana wotoledwa. Ine ndinene zoona, chimwemwe chidandigwira koyamba, manyazi pambuyo, poona nkhalamba ikupukuta m'maso n'kumanamizira fodya.

Vuto lidatsala n'lakuti apadiri sakadamva za m'maluwa, ankafuna mwini mawu. Agogo adakana, adatukwana, adati iwo sangasiye nkhumba. Mapeto ake adaoloka dambo ali kumsana kwa mnyamata wanga, akumukwapula ndi kamtengo ka pichesi. "Ponda bwino, mmisiri! Matabwa umapala chonchi?" Kumishoni apadiri adayamba ndi funso, agogo n'kuyang'ana kudenga. Atsibweni adachita kuwanong'oneza kuti, "Abambo, musafunse, nenani kuti awiriwa ndi pachibale." Apadiri adanena, ndipo adalandira "Bodza!" lakuti ngakhale akatekisita panja adadzidzimuka. Agogo adafotokoza zonse, pamaso pa anthu, chinthu chimene adachisunga moyo wawo wonse. Mayi wa nyemba uja adayamba kunong'ona mawu oti akapolo, koma agogo adangomuyang'ana n'kuti, "Iwe, ndiyambe za agogo ako?" Mayiyo adatseka pakamwa mpaka tsiku la ukwati.

Nditakwatiwa ndinkawapititsira fodya pachilumba. Tsiku lina ndidafuna kudziwa chimene adalowezera mitundu ya anthu onsewa, ndiye ndidanama monga mwa mwambo. Ndidati, "Anthu amati mudaloweza mibadwo yonseyi chifukwa chokonda miseche."

"Bodza," adatero. "Ndinkamvetsera. Mlendo aliyense akamatchula akwawo, ndinkati mwina atchula mkazi amene adataya ana awiri aakazi pachitsime. Dzina la amayi lidandithawa, mwana iwe. Ndikadalimva ndikadalizindikira."

"Ndiye palibe adatchula?"

Limenelo lidali funso, ndipo iwo adayang'ana abakha.

Mdzukulu wanga ndamuuza kuti apite kuchilumba chakecho, ndamuphikira ndi mbatata ya kachewere ya panjira. Mayina a Angoni ndi ng'ombe zawo asavutike nawo, amenewo tili nawo odzaza nkhokwe. Akafufuze za mkazi mmodzi amene adapita kukatunga madzi m'mawa ndi ana awiri, n'kubwerera yekha.