Alamu Anga ndi Nsalu za Odwala

Alamu anga, akazi a malemu achimwene, amasita nsalu za pabedi ku chipatala. Chipinda chawo chili kuseri, kupitirira kophikira, kumene alendo safikako. Muli makina ochapira aphokoso, thebulo lalitali lopserera m'mphepete, ndi zenera lomwe linakana kutseguka kalekale. Ntchitoyi anaiyamba asanakwatiwe. Anzawo ankawaseka kuti amasita ngati nsaluyo akagonera mkwati, pomwe ikangofika ku wodi munthu aisanzira. Iwo ankangoyankha kuti bwana wawo weniweni ndi Mulungu, ndipo ameneyo sapatsidwa ntchito ya theka. M'mawa uliwonse ankapemphera podikira kuti simbi itenthe, kenako n'kuyamba nyimbo. Mawu awo sanali okoma, tisanamizane, koma ankaimba ndi mtima wonse.

Achimwene anadwala nthawi yaitali, n'kumwalirira m'chipatala momwemo. Alamu sanalire. Maliro atangotha anabwerera ku ntchito, ndipo ine zinandipsetsa mtima. Ndinkati kodi ameneyu ndi munthu kapena mwala? Koma pang'onopang'ono ndinayamba kuona. Kutchalitchi ankangoima buku lili m'manja, pakamwa potseka. Chakudya ankadya chilichonse, kaya muli mchere kaya mulibe. Ukamawauza nkhani ankayang'ana khoma. Mkwiyo wanga unasanduka mantha.

Tsiku lina masana mnzawo wa ku ntchito anandiimbira foni kuti alamu auza abwana zoti akusiya. Ndinathamangira komweko. Ndinawapeza ataima pa thebulo, simbi atazimitsa, mulu wa nsalu uli pambali.

"Alamu, ndamvazi n'zoona? Mukusiya?"

"Eee."

"Mwatopa kodi? Kapena mukudwala?"

"Ayi, manja ali bwinobwino." Anawayang'ana ngati ndi a munthu wina, kenako analoza pachifuwa. "Koma umu mulibe kanthu. Ndikapemphera, zii. Ndikasita, zii. Kale ndinkati ntchitoyi ndikupereka kwa Mulungu ndi mtima wonse. Pano mtimawo sindikudziwa kumene uli. Ndiye ndizimunamiza tsiku ndi tsiku? Bola ndikakhale kunyumba."

Ndinadziwa kuti akakangokhala m'nyumba muja, momwe nsapato za achimwene zikadali kuseri kwa chitseko, sadzadzukanso. Koma ine za ulaliki sindizitha. Ngakhale pemphero la chakudya ndimasochera pakati. Ndiye ndinangowauza chimene ndinali nacho.

"Mukukumbukira tsiku lomaliza lija, mutapita kukasamba n'kundisiya ine ku wodi? Anamwino anabwera kudzasintha nsalu. Mukudziwa mmene msana wa achimwene unalili, zilonda zokhazokha, kakhwinya kakang'ono kankawaliza. Koma atawagoneka anasisita nsaluyo n'kumwetulira. Akuti, 'Iyi wasita ndi mkazi wanga, ndaidziwa.' Ndipo anagona tulo tabwino."

Ndinayembekeza kuti tsopano alira. Koma misozi sinatuluke.

"Si ine," anatero. "Mwezi wonse uja ndinali pa tchuthi, ndikuwadwazika. Simbi sindinaigwireko."

Ndinachita manyazi mpaka ndinalakalaka nditatulukira pa zenera losatsegukalo. Ndinabwera kudzatonthoza munthu, ndipo ndinali nditamulanda ngakhale kanthu kochepako.

"Ndiye anasita ndani?" ndinafunsa.

"Kaya. Tilipo ambiri muno." Makina anapitiriza kulira. Kenako anawonjezera, motsitsa mawu. "Mwina mayi uja mwana wake ali kundende. Mwina mtsikana uja mwamuna anamuthawa. Nthawi imene ija onsewa ankangoyenda ngati mitembo. Sindikhulupirira kuti pali amene ankamva kanthu."

"Koma anasita bwino."

"Anasita bwino," anavomereza. "Ndipo abambo anagona."

Kenako anawerama n'kuyatsa simbi pakhoma. Anatenga nsalu yapamwamba pa mulu, n'kuikutumula, n'kuiyala. Nkhope inali yomweyo, youma gwaa. Anadikira simbi kuti itenthe, milomo ikugwedezeka pang'ono, koma mawu sindinawamve.

"Nanga mtima uja, alamu?"

"Sunabwere. Mulungu alandire kaye manjawa. Mtimawo akaupeza adzandibwezera."

Anayamba ndi m'mphepete, n'kupita pakati, osasiya khwinya ngakhale limodzi. Pakona ina nsalu inakana kuwongoka. Anawazapo madzi n'kubwerezanso, mpaka inagonja.

Ndinafuna kuwakumbatira, koma manja awo onse anali pa ntchito.

"Pitani, alamu," anatero osadzutsa mutu. "Ku wodi kuli mwamuna wa wina, msana ukumuwawa."