Nsalu ya Buluku Langa Anandisinthira Kuseri

Anthu a ku Chama, sitolo ina ya nsalu pa boma yandiyesa chitsiru. Dzina sinditchula. Eni ake adzidziwa okha.

Ine ndine Goma, mlimi wa ku Kambombo, wa chimanga ndi thonje. Mwana wanga woyamba, Tiwonge, akumaliza maphunziro a unesi ku Chipata kumapeto a mwezi uno. Anandiimbira foni nati, "Adada, pa tsiku langa musabwere ndi buluku la salaula, lovalidwa kale ndi ena. Mukasoketse lanulanu." Chibadwire sindinasoketsepo buluku. Ndinavomera.

Lachiwiri ndinapalasa njinga, 09:20 ndili m'sitolo. Telala wanga, ba Zimba, anali atandilangiza kale: mita imodzi ndi hafu, nsalu ya thonje yolemerako, chifukwa ndi kutentha kwa kuno nsalu ya pulasitiki imaphika munthu. Ndinaiona pa shelefu, yabuluu woderako. Ndinaifinya m'manja. Ndinaikonda.

Mayi wogulitsa anandiyang'ana kuyambira ku nsapato. Akuti, "Amdala, osagwiragwira, iyo ni ya mabwana, K160 pa mita. Yanu ili uku." Kundilozera khaki ya yunifomu ya ana a sukulu. Ine wa imvi zanga, ndikakhale pakati pa makolo anzanga ngati mwana wa giredi faivi?

Ndinati ndikufuna yomwe ndagwirayo. Akuti dikirani. Kunalowa bambo wa tayi, anamuthandiza. Kunalowa wina wa makiyi a galimoto m'manja, anamuthandiza. Ine chiimire mpaka 10:05. Kodi ndalama ya mlimi imanunkha?

Potsiriza ndinalipira K240. Mayi uja ananyamula mpukutu wa nsalu kupita nawo kuseri, akuti sizasi ili konko. Anabwera ndi pulasitiki yakuda yomangidwa kale. Lisiti? Akuti buku latha. Kulakwa kwanga n'kumeneko, sindinamasule.

Ba Zimba atamasula anaitambasula nsaluyo pa tebulo. Kenako anati, "Ba Goma, iyi si nsalu ya buluku. Iyi timaika mkati mwa jekete." Mtundu womwewo, koma yopyapyala, yoterera, dzanja kuonekera mbali inayo. Anayeza ndi tepi. Ngakhale mita ndi hafu sinakwane.

11:30 ndabwerera. Mayi uja akuti nsalu yodulidwa sibwezedwa. Ndinati iyi si imene ndinasankha. Akuti mwina ndasintha ndekha m'njira. Ine? Ndisinthe nsalu yabwino ndi chisanza kuti ndipindule chiyani?

Sindinatukwane. Ndinakoka mpando, ndinakhala pafupi ndi kauntala, ndinati, "Manje sindichoka mpaka eni sitolo abwere." Akuti aitana apolisi. Ndinati aitaneni, nawonso aone. Sanaitane.

Eni ake anafika 14:15, ine njala ili m'mimba. Anayang'ana nsalu ziwirizo mwachangu, akuti, "Ba tate, ni imodzimodzi, maso anu chabe." Pamenepo ndiye ndinaimirira. Ndinapempha machesi kwa aphunzitsi ena amene anabwera kudzagula zitenje. Ndinasolola ulusi ku mpukutu wa pa shelefu, ndinayatsa. Unapsa n'kusiya phulusa, fungo ngati la pepala. Ndinasolola wa m'pulasitiki yanga, ndinayatsa. Unasungunuka n'kukhala kampira kakuda kolimba, fungo la jumbo yopsa sitolo yonse.

Ndinati, "Bwana, thonje ndimadzala ndekha, ndimapopera ndekha, ndimatola ndekha. Musandiphunzitse thonje."

Aphunzitsi aja anayamba kumasula mapulasitiki awo pomwepo kuti aone zomwe awaikira. Eni sitolo thukuta kamukamu. Sizasi ija, yomwe amati imakhala kuseri, inatuluka m'dirowa ya pa kauntala pomwepo. Eni ake anadula nsalu ya thonje ija ndikuona, mita imodzi ndi hafu, ine nditagwira tepi mbali imodzi. Buku la malisiti nalonso linapezeka.

Wogulitsa uja sanapepese. Anangotembenukira kukhoma, kudinadina foni.

Nsalu ili kwa ba Zimba, Loweruka ndikayesa buluku. Koma mafunso anga sanayankhidwe. Ndi angati ochokera ku Chikwa ndi ku Chifunda amene anakamasulira pulasitiki kunyumba, ulendo wobwerera n'kuwakanika? Nsalu yabwino imene mumabisa mukapereka chisanza, imapita kwa ndani?

Anzanga a kumidzi, nsalu izidulidwa inu mukuona. Gwirani tepi. Masulani pulasitiki musanatuluke pakhomo. Akakuuzani kuti iyo si ya inu, igwireni ndi manja awiri.

Ndipo inu eni sitolo, munanditsatira mpaka pa njinga yanga, kundinong'oneza kuti, "Ba tate, nkhaniyi ithere pompano, musauze anthu." Ndawauza.