Mwini Sitolo Amene Anatichotsa Pakhonde

Amuna anga atawasamutsira kusukulu ina kufupi ndi Jenda, ine ndinanyamula ana ndi makina anga osokera opukusa ndi dzanja. Kwathu ndi ku Dedza, ndipo Chitumbuka chimene ndinkamva ndi moni basi. Chimene chinandilowetsa pakati pa anthu ndi khonde la sitolo ya mmwenye wina, m'mphepete mwa msewu waukulu. Pakhondepo panali matelala angapo, ine ndekha mzimayi. Munthu ankagula nsalu mkati, n'kutuluka nayo, ife n'kumuyeza pomwepo. Masiku amenewo diresi loonetsa mawondo linali mlandu, choncho ntchito yotalikitsa madiresi sinkatha. Kumapeto kwa khonde kunali bambo wokonza njinga, ndipo kutsogolo amayi ankayala tomato ndi anyezi kudikira basi. Mmwenyeyo sanali mngelo, ankatikalipira ngati ana, koma ankadziwa kuti telala akakhala pakhomo nsalu imayenda.

Kenako kunabwera lamulo loti amwenye achoke kumidzi, akachite malonda m'mizinda. Sitolo ija inagwera m'manja mwa mkulu wina wa komweko, amene anakhalapo ku Joni n'kubwerako ndi chipewa cha nthenga ndi mawu achizungu ochepa, amene ankawabwereza ngati nyimbo ya m'kalasi. Ankadziwana ndi akuluakulu a chipani, ndiye makiyi anapatsidwa iye.

Tsiku lotsegulira anapha mbuzi, n'kuitana anthu. Anakwera pabokosi la zakumwa, nayankhula Chichewa chifukwa panali alendo ochokera ku boma.

"Nthawi yodyeredwa yatha," anatero. "Sitolo iyi ndi yanu. Mwana aliyense wa kuno adzapeza ntchito pompano, mbwenu palibenso wopita kumaesiteti a fodya."

Amayi analulutira. Inenso ndinawomba m'manja, popeza masiku amenewo wosawomba ankaonekera patali.

Mlungu usanathe anatiitana matelala tonse. Anati ulusi ndi zidutswa za nsalu zikuipitsa pakhomo, ndipo ku Joni sanaonepo sitolo imene anthu amakhala pakhonde ngati pamaliro. Wamkulu pakati pathu anali bambo wa ku Manyamula, amene anayamba kusoka pamenepo dziko lisanalandire ufulu. Anavula kapusi, n'kuyankhula mofatsa.

"Ndapota, adada. Ife tikachoka, nsalu zanu adzasoka ndani?"

Mkuluyo anaseka. Anati adzaitanitsa zovala zosokasoka kuchokera ku Blantyre, chifukwa anthu otsogola sayezedwa ndi chingwe ngati mbuzi. Wokonza njinga anathamangitsidwa tsiku lomwelo, ndipo amayi a tomato anauzidwa kuti awoloke msewu. Khoma linapakidwa penti wobiriwira, dzina lake n'kulembedwa ndi zilembo zotalika ngati mwana wa sitandade wanu. Pakhonde lonse lija anaikapo mpando umodzi, wake, pamene ankakhala tsiku lonse atatambasula nyuzipepala ya mwezi watha.

Ntchito zimene analonjeza zinapezekadi, koma kwa ana a mlongo wake. Wina anamuveka tayi n'kumutcha manijala. Ukalowa kukagula machesi, unkapeza anyamata atandandana kuseri kwa kauntala, aliyense akuyembekezera kuti mnzake ndiye adzuke. Madzulo ankaweruka atapanira shuga ndi sopo m'khwapa. Zovala za ku Blantyre zinabweradi kamodzi: malaya a makolala ngati makutu a njovu, ndi nsapato zazidendene zazitali, zoti agule amayi amene amayenda wapansi kuchokera ku Champhira mtolo uli pamutu. Zinalendewera pawindo mpaka dzuwa linazisukulutsa. Mchere ndi palafini zinkatha osaitanitsanso. Ukafunsa singano, manijala ankayankha kuti ikubwera ndi lole ya mawa. Pambuyo pake anyamatawo anayamba kusanja makatoni opanda kanthu m'mashelefu kuti sitolo izioneka yodzadza, ngati kuti ife tinalibe maso.

Ife matelala tinalandiridwa ndi mayi wina wamasiye amene anali ndi chigayo kuseri kwa msika. Anangotiloza malo, n'kutipatsa udzu woti timangire chisakasa. Anthu podikira ufa wawo ankabwera kudzayezetsa zovala, ena pobwera kudzatenga zovala ankanyamulanso chimanga. Nsalu tinkasinthana kukagula ku Mzimba boma pa basi. Koma fumbi la pachigayo linali loopsa. Bambo wa ku Manyamula uja anayamba kutsokomola, ndipo dzinja litafika anagulitsa makina ake n'kubwerera kumudzi. Wokonza njinga anatenga banja lake kupita kumaesiteti a ku Kasungu, ndipo sitinamvenso za iye.

Tsiku lina manijala anabwera kuchisakasa ndi buluku long'ambika kumbuyo, atalikulunga m'nyuzipepala. Anati ndi lake. Iye anali woonda ngati bango, pamene bulukulo m'chiuno mwake mukanalowa anthu awiri. Ndinalisoka osafunsa kanthu. Mawa lake ndinaliona lili pampando uja pakhonde, mwini wake ali momwemo, miyendo atapingasa.

Sitoloyo inasanduka malo ogulitsira mowa, kenako inatsekedwa. Ine ndi amuna anga tinasamutsidwira ku Mzimba boma.

Patapita zaka tinakumana ndi mwini sitolo uja pa depoti ya basi. Anagwira dzanja la amuna anga osalisiya, n'kuyamba kufotokoza kuti anthu a ku Jenda ndi ansanje chomene, sanakonzekere chitukuko, ndipo iye anawapatsa ntchito koma sanayamike. Amuna anga ankangogwedeza mutu, monga ankachitira aphunzitsi onse nthawi imeneyo. Kenako anatembenukira kwa ine, nafunsa ngati ndikusokabe. Nditavomera, anati ndikhale wokonzeka, chifukwa akufuna kutsegula fakitale ya zovala ku Champhira, ndipo ine ndidzakhala woyang'anira amayi onse.

"Yewo, adada," ndinatero.

Basi yake itafika anakankha mayi wina wa mwana kumsana kuti alowe poyamba, n'kukakhala pawindo. Ife tinanyamula katundu wathu n'kupita kumsika kukagula ulusi.