Chikho Chimene A Kochi Ankachibisa M'katoni

Nkhani ya ntchitoyi anabwera nayo ku Pembamoyo ndi mlamu wanga Agnesi, wa ku Lusaka. Anati kuli kochi wa mpira wochokera ku Tunisia amene akufuna mayi wophika. Chaka chimenecho chimanga chinapsa ndi dzuwa, ana awiri ali ku sekondale. Amuna anga anati, "Pitani amake Luka, munda ndiuona ine." Ndinapemphera, ndinakwera minibasi ya ku Chipata.

Za mpira sindinkadziwa kanthu. Ndinkangomva kuti a Kochi ali mnyamata dziko lawo lonse linkaimba dzina lawo, ndipo bondo litawavuta anayamba kuphunzitsa ena. Kumsika anyamata ankasiya mawilibala kudzawapatsa moni. Koma kunyumba anali munthu wofatsa, wopemphera kasanu pa tsiku. Ine ndi korona wanga, iwo ndi kamkeka kawo. Malipiro sankachedwetsa. Chinkandipweteka n'chakuti ndi amuna anga tinkalankhulana Lamulungu masana pokha, pakuti foni ya kumudzi inkagwira pokhapokha abambo a Luka akakwera pachulu.

Zikho zawo ndinkazipukuta pabalaza, koma chachikulu kuposa zonse chinkakhala m'katoni kuseri kwa chitseko.

Chaka chachitatu Agnesi anandiuza kuti amuna anga agonekedwa kuchipatala cha pa boma. Sabata imeneyo timu inali ndi masewera aakulu, alendo thoo m'nyumba. Poopa kutaya ntchito ndinakhala chete. A Kochi anandipeza kukhitchini ndikulira.

"Amayi, anyezi palibe apa. Chavuta n'chiyani?"

Nditawauza, anakatenga katoni ija. M'Chinyanja chawo chothyokathyoka anati, "Tsiku limene ndinapambana ichi, amayi anga anamwalira m'mawa. Anandibisira kuti ndisewere bwino. Kwathu timaika maliro tsiku lomwelo. Ndinafika ndi chikho, ndinapeza manda." Kenako anatola makiyi a galimoto. "Tiyeni kusiteshoni. Mpunga ndiphika ndekha, akadya wopserera safa."

Amuna anga ndinawapeza ali moyo. Anandiyang'ana nati, "Mwanenepa amake Luka. Kodi nanunso mumamenya mpira?" Tinaseka. Ndinawadwazika masiku asanu ndi anayi, ndipo anatsirizikira m'manja mwanga.

Maliro atatha ndinapita kumunda, ndinapeza mtedza wokumbakumba, wouma bwino. Anakumba ndi amayi a kutchalitchi. Ndi pamene anandiululira kuti amuna anga anayamba kudwala mvula isanagwe, ndipo ankachita kuwagwiriza pokwera chulu chija. Mudzi wonse unapangana kundibisira kuti ndigwire ntchito mtima uli m'malo. Ankandikonda, monga ankawakondera a Kochi kwawo. Ndinawakhululukira, ngakhale sizinali zapafupi.

Ku Lusaka sindinabwererenso. Anyamata kuno amandifunsa kuti munthu uja anagoletsa zigoli zingati. Ine ndimati sindidziwa, chimene ndidziwa ndi masiku asanu ndi anayi amene anandipatsa.

Inu owerenga, mukagwada mutikumbukire ine ndi ana anga. Muwatchulenso a Kochi ndi amayi awo, amene sanatsanzikane.